Dzanja Limodzi la Tiyi Lolemba Lililonse

Germiston, Joni
9 Juni 2024

Ganizani,

Tandiyankhe funso ili usanayambe kusakasaka moni: kodi galimoto ya malemu bambo ndi ng'ombe, kuti izimwa pa mjigo uliwonse? Moni ali kumapeto. Umupeza ukamaliza kuwerenga zofunika.

Pilato, uja amatinyamulira katundu pa basi, wafika dzana kuchokera kumudzi. Akuti unamutenga pa Chonde kupita naye pa Nkando, ndipo pa ulendo umodzi wokhawo unaima kawiri, kutsika ndi chigubu, kukaima pamzere ndi amayi otunga madzi, n'kubwera kudzathira mu radiyeta. Amafotokoza akuseka, ndipo onse amene timagona nawo nyumba imodzi kuno anaseka. Ine sindinaseke. Pikapu imeneyo bambo anaigula ndi ndalama zopumira ntchito, atayendetsa thirakitala pa esiteti zaka makumi atatu. Ndinaisiya m'manja mwako ikulira bwinobwino.

Ndalemba kalata dala. Pa foni umangoti "chabwino achimwene" ndisanamalize n'komwe kulankhula. Pepala sungalidule mawu.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo umakaniko palibe anandiphunzitsa m'kalasi, koma izi ndikuzidziwa ndi manja angawa. Pita ukasuzumire m'ketulo ya amayi. Pansi pake uona zoyera zouma ngati laimu. Zimenezo zimachokera m'madzi a pa mjigo. Tsono radiyeta ili ndi timipaipi tating'ono, mwina kamtengo ka machesi sikangalowe, ndipo injini imatenthetsa madzi tsiku lonse kuposa ketulo. Laimuyo ukuganiza akupita kuti? Kuwonjezera apo, madzi okhaokha amadya chitsulo. Mkati mumachita dzimbiri iwe ukupukuta kunja.

Ndakutumizira chigubu cha malita asanu cha kulanti wapinki, mankhwala othira mu radiyeta. Pachigubupo alembapo kuti antifirizi, ndi chinthu chimodzi. Ndi wosasungunula, ndiye usathire yekha, chifukwa payekha sachotsa bwino kutentha. Ukhetse madzi akale onse, utsuke mpaka otuluka akhale oyera. Galimoto yathuyo imalowa malita asanu ndi atatu: anayi akhale kulanti, anayi akhale madzi a mabatire, aja amagulitsa pomwetsera mafuta. Ndati madzi, osati asidi. Usakanize mu ndowa yoyera usanathire. Lita yotsalayo usunge. Usaphatikize ndi wobiriwira wa anzako, chifukwa mitundu ina ikakumana imagwirana ngati phala. Ndipo chigubucho chikhale patali ndi ana ndi agalu. N'chotsekemera pakamwa koma chimapha.

Tsopano moni. Amayi ali bwanji ndi miyendo ija? Achemwali athu a Alefa ndi ana? Undiyankhe papepala, umupatse Pilato yemweyo.

Mkulu wako,
Hudson


Chonde, Mulanje
2 Julaye 2024

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tonse tili bwino, kungoti chiperoni chatikwana, sabata yathunthu phiri osaoneka. Amayi miyendo ikuwavutabe m'mawa, koma dzuwa likatuluka akumayenda mpaka kudimba. Akuti ndikuuzeni kuti kalongonda wabereka chaka chino ndipo inu simudya nawo.

Kalata yanu ndalandira, ndawerenga katatu. Chigubu sichinafike. A Pilato akuti katundu wina anatsalira pa chipata cha Mwanza, abwera ndi basi ya m'tsogolo.

Zoima pa mjigo ndi zoona, sindikukana. Kungoti a Pilato aiwala kukuuzani kuti anakwera ulere, iwo ndi matumba awo atatu.

Achimwene, ndifunse nawo mwaulemu. Kalata yanu ndinawaonetsa a Elson ndi a Samueli, anzathu a mapikapu pa siteji ya pa Nkando. Iwo akuti mankhwala amenewo ndi a kumayiko kumene madzi amauma ndi chisanu. Akuti kumeneko mwina n'koyenera, poti timamva kuti mu Juni mpopi umatha kugwira ayezi. Kuno za madzi kuuma timamvera kwa aja amagwira ntchito ya nkhalango pa Chambe, pamwamba pa phiri, ndipo pa Chambe pikapu sikwerapo. A Samueli anachita kunena kuti Hudson wayamba chizungu.

Galimoto ikuyenda. Madzi ikumwa ndithu, koma ndikuisamala ndendende monga ndinauzidwira. Sindinaphonyepo Lolemba ngakhale limodzi.

Zinanazi chaka chino zikuoneka kuti zichuluka. Alimi anayi andiuza kale kuti ndidzawanyamulire mu Novembala.

Ndine mng'ono wanu,
Ganizani


Chonde, Mulanje
4 Ogasiti 2024

Hudson,

Moni mlongo wanga. Ife tili bwino. Ndalemba ndine chifukwa mng'ono wako akagwira cholembera amalemba za nyengo ndi zinanazi, nkhani yeniyeni n'kuisiya panja.

Chigubu chako chafika sabata yatha. Sharon wanga atachiona anathamangira makapu, ankati amalume atumiza juwisi. Ndachitsekera kuchipinda kwanga, kiyi ndikuyenda naye pansonga ya chitenje.

Ganizani sanathirebe, koma si mwano. Radiyeta ikudontha, ndipo wakhala akukubisira kuyambira Epulo. Pomwe amaimika galimoto, m'mawa pamakhala ponyowa ngati pagona mbuzi. Akuti akathira mankhwala ako ochokera kutali onse athera m'dothi, ndiye adzakuuza chiyani? Pakali pano akuchita zimene amachita nthawi zonse. Lolemba lililonse amatapa fumbi la tiyi dzanja limodzi n'kuthira mu radiyeta kuti litseke podontha. Poyamba linkagwira sabata yonse. Pano Lachitatu silifika.

Tsono imva chimene ndalembera. Mwezi watha galimoto inawira amayi ali momwemo, akuchokera kuchipatala kukatenga mankhwala awo. Anakhala maola awiri pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, miyendo ikutupa. Atafika kunyumba anatiitana tonse, nayamba kulankhula Chilomwe, ndipo iwe ukudziwa kuti amayi akalowa m'Chilomwe ndiye kuti nkhani yatha. Anati galimoto imeneyi ikangofanso panjira kamodzi kokha, igulitsidwe isanasanduke khola la nkhuku. Pali bambo wina wa ku Luchenza amene wabwera kale kawiri kudzaizungulira ndi kumenya matayala ndi phazi.

Ikapita, Ganizani abwerera kukathyola tiyi, dengu kumsana, pakhomo ali ndi ana atatu. Zimenezi iyeyo sakuuza. Foni yako ikamalira akumangoiyang'ana mpaka isiye yokha.

Umulembere ngati ukulembera munthu. Si sipanala ameneyu.

Mchemwali wako,
Alefa


Germiston, Joni
18 Ogasiti 2024

Ganizani,

Moni kwa amayi ndi achemwali. Wako ndamusunga kaye.

Achemwali anati ndikulembere ngati munthu. Ndayesa. Mapepala awiri ndang'amba, ili ndi lachitatu, ndipo ulilandire momwe lilili.

Tiyi mu radiyeta. Fumbi la tiyi lilibe maso, silidziwa kuti bowo loipa ndi liti, labwino ndi liti. Podontha limatseka, inde, koma limatsekanso timipaipi tomwe madzi amayenera kudutsamo kuti azizire. Dzanja limodzi pa sabata, pa chaka ndi manja makumi asanu ndi awiri. Galimoto imeneyo yamwa tiyi woposa wa pa maliro a munthu wotchuka, ndiye ukudabwa kuti ikuwira?

Ndikufuna dzina. Chitsiru chimene chinakuphunzitsa zimenezi ndani? Ngati ndi Samueli, umuuze kuti pa Khirisimasi ndikubwera, tidzaonana pa siteji pomwepo anthu akuona.

Za chisanu zija, uwauze kuti kuno inde timathira poopa ayezi, koma imeneyo ndi ntchito imodzi chabe. Kwathuko kulanti amaletsa dzimbiri, amasamala pampu ya madzi, ndipo madzi osakaniza naye sawira msanga. Okutobala ali pakhomo, mwezi umene phula limamata ku nsapato. Ndi mwezi umenewo umene galimoto yolemedwa imafuna thandizo, osati mu Juni. Theka ndi theka ndiye muyeso wabwino. Zikavuta ukhoza kuchepetsa, koma kulanti asatsike pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ukatsitsa kuposa apo wangopaka madzi utoto.

Tsopano chita izi, motsatana. Imika galimoto. Masula radiyeta upite nayo kwa Sungani, wowotcherera uja wa kuseri kwa msika, aitsegule, aichape mkati, atseke bowolo. Kulanti asalowe mpaka zonsezi zitatha. Kuthira mankhwala abwino pamwamba pa matope n'chimodzimodzi kuvala malaya ochapa usanasambe.

Ndipo foni yanga uziyankha.

Hudson


Chonde, Mulanje
15 Sepitembala 2024

Okondedwa achimwene,

Moni wochokera kwa tonse. Ana ali bwino, ayambanso sukulu mawa.

Kalata yanu ya pa 18 Ogasiti yandipeza Lachisanu lapitali. Yakhala masabata atatu m'chikwama cha a Pilato, amene anagwidwa malungo ku Tete. Ikanafika msanga mwina sindikanachita zimene ndachita.

Achemwali atandiuza kuti akulemberani, ndinadziwa kuti mwakwiya. Ndinaganiza kuti chakukwiyitsani n'choti mankhwala anu angokhala kuchipinda. Ndiye pa 2 Sepitembala ndinawapempha kiyi, n'kuthira malita awiri pamwamba pa madzi amene analimo kale, kuti mukadzafunsa ndidzathe kuyankha kuti ndinathira. Tsiku lomwelo ndinanyamula matumba a nandolo kupita nawo pa Nkando. Ndisanafike pamsika singano yoonetsa kutentha inakwera mpaka pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka kutsogolo. Ndinazimitsa pomwepo. Chivindikiro cha radiyeta sindinachikhudze mpaka itazizira, monga bambo ankatiuzira. Pansi panali chithaphwi chapinki, ndinachikwirira ndi dothi chifukwa pafupi panali mbuzi za eni ake. A Elson anandikoka ndi chingwe mpaka kunyumba. Amayi anali pakhonde. Anaona zonse, anangolowa m'nyumba.

Radiyeta ili kwa a Sungani. Atatsegula pamwamba anaitana anthu a m'mashopu oyandikana kuti adzaone. Muli phala lakuda losakanikirana ndi dzimbiri, ndipo akuti mwa timipaipi khumi tilitonse, todutsa madzi ndi tinayi tokha. Akuti ikonzeka, bowolo si lalikulu. Injini akuti ikuoneka kuti yapulumuka, mu oyilo simunalowe madzi.

Koma amayi atumiza kale mawu ku Luchenza. Bambo uja abwera pa 12 Okutobala. Amayi ndawapempha pakhonde, ana akumva, akuti mawu anawanena kale ndipo munthu wamkulu salavula kawiri. Akuti galimoto inali bwino m'manja mwa bambo, inali bwino m'manja mwa Hudson, yadzafera m'manja mwanga. Ndakalembetsa dzina kwa kapitawo ku esiteti, akuti mvula ikayamba adzafuna anthu othyola. Alimi a zinanazi aja sindinawauzebe.

Mwafunsa dzina la amene anandiphunzitsa. Si a Samueli. Funso limenelo, achimwene, mundikhululukire, sindiyankha.

Mng'ono wanu,
Ganizani


Chonde, Mulanje
16 Sepitembala 2024

Hudson,

Moni. Envelopu ya mng'ono wako ndaitsegula, ndaikamo kalata iyi ndi kapepala kamodzi iye asakudziwa. Kapepalako ndakamatula mkati mwa kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, moika mapepala a inshuwalansi. Kakhala mmenemo zaka zisanu ndi zitatu. Selotepi yachita chikasu koma zolembazo zikuwerengeka. Pena kagwera m'njira, ndiye ndikukopereranso pano:

"MALAMULO A GALIMOTO
1. Oyilo uziona m'mawa uliwonse.
2. Madzi a pa mjigo ndi okwanira. Za m'mabotolo ndi za azungu a kozizira.
3. Lolemba lililonse tiyi dzanja limodzi mu radiyeta, idonthe isadonthe.
4. Osafunsa amakaniko ena, amangofuna kukudyera.
H., Meyi 2016."

Unamupatsa m'mawa wa tsiku lomwe unkakwera basi ya ku Joni, ine ndili pompo ndi chikwama chako m'manja. Unamuloza chala n'kumuuza kuti akadzaphonya lamulo limodzi adzakuona. Sanaphonye.

Dzina unkalifuna lija ndi limenelo. Pa Khirisimasi ukaonane naye pa siteji.

Alefa


Germiston, Joni
29 Sepitembala 2024

Amayi, achemwali, ndi iwe Ganizani,

Moni nonse. Ulendo uno ndayamba ndi moni.

Dzanja lili pa kapepalako ndi langa. Chitsiru chija ndine.

Sindinena kuti ndinaiwala, chifukwa bodza sindilitha. Achemwali atatchula tiyi, china chake chinandibaya mumtima, ine n'kuchikwirira msanga ndi ukali. Za tiyi ndinazitola kwa madalaivala a mathirakitala pa esiteti ndili wachichepere. Iwo ankathira kamodzi, pangozi, kuti afike ku galaja. Ine ndinazitenga n'kuzisandutsa lamulo la sabata iliyonse, poganiza kuti ndawaposa nzeru.

Chaka changa chachiwiri kuno, mwini galaja anandipeza ndikuthira madzi a pampopi m'galimoto ya kasitomala. Sanakalipe. Anandipatsa sowo ndi radiyeta yakufa, nati ndiidule pakati ndione ndekha. Ndinaona. Kuyambira tsiku limenelo kumudzi ndatumiza mabulangete, wailesi, nsapato za ana, koma mawu ochepa oti "kapepala kaja ng'amba" sindinatumize, chifukwa kutero kunali kuvomera kuti Hudson analakwa. Ndimadzitama kuti ndimanena zoona pamaso pa munthu. Ndaona tsopano kuti zoona zimene ndimazitha ndi za anthu ena.

Ganizani, malita atatu otsalawo akwana. Sungani akamaliza, mutsuke ndi injini yomwe, chifukwa phala lija lafikanso mmenemo. Kenako atatu kulanti, asanu madzi a mabatire, mu ndowa yoyera. Ndi kuposa gawo limodzi mwa atatu, nyengo ya zinanazi utuluka nayo bwino. Wowonjezera ndibwera naye ndekha. Ukadzathedwa panjira, madzi a mvula otchera m'beseni loyera aposa a pa mjigo. Pa malamulo anayi aja usunge loyamba lokha. Lamulo lachinayi ulitembenuze: uzifunsa.

Pali chinanso. Ndakumbuka chifukwa chake Elson ndi Samueli akukana kulanti. Ndinawaphunzitsa ndine, pa siteji pomwepo, nditakhala pa boneti ngati mlaliki. Ndiye kuti mapikapu awonso ali ndi tiyi m'mimba. Upite ndi kalata ino tsiku la msika, uwerenge mokweza, dzina langa usalidumphe. Samueli aseke mpaka akhute, kenako apite kwa Sungani.

Tsopano inu amayi. Galimoto sinafere m'manja mwa Ganizani. Yakhala zaka zisanu ndi zitatu ikumwa zoipa zimene ndinalamula ine, ndipo ikadali ndi moyo chifukwa mwana wanuyo amayang'ana singano, amazimitsa nthawi yake, ndipo sachita manyazi kuima pa mjigo anthu akumuseka. Dalaivala wina akanaipha chaka choyamba. Tsiku lija munakhala pansi pa mtengo, amene anakukhazikani ndine, ndili kuno ku Joni. Mawu anu ndi aakulu, sindikuwapeputsa, koma agwera munthu wosalakwa. Wolakwa ndi ine, ndipo Disembala ndikubwera kudzakhala pamphasa kuti munditsuke m'kamwa mmene mungafunire.

Pilato ndimukweza ndekha basi ya mawa, ndipo ndamuuza kuti kalata iyi ikachedwa tsiku limodzi asadzandipatsenso moni. Ikangofika, musadikire kuche. Mutumize munthu ku Luchenza akamuuze bambo uja kuti pa 12 asawononge mafuta ake. Ganizani apite kwa kapitawo akafafanize dzina lake. Ndipo mlandu munamupatsa pakhonde uja, amayi, mumuchotsere pakhonde pomwepo, ana ake akumva.

Achemwali, ndime ziwiri zomalizazi musawawerengere m'Chichewa. Muwamasulire m'Chilomwe, kuti nkhani ithe.

Mwana wanu,
Hudson